Mjigo wa Wilbroad

Holland
9 Febuluwale 1995

Okondedwa Asisi a Tamala,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji nonse ku Chikwa? Amama ali bwanji, nanga mwendo wawo uja? Alamu ndi ana? Ine kuno ndili bwino, kupatula kuzizira. Kuzizira kwa kuno sikwamasewera, makutu amachita kuwawa ngati wina akuwapotokola.

Mwakhala mukundifunsa kuti ndi sukulu yanji yosatha, chichokere changa mu 1991 mpaka lero. Manje ndikuuzeni. Mukumbukira mwala uja ndinagumula m'mbali mwa mtsinje wa Kaluwe, inu n'kumaseka kuti anzanga anyamula nsinjiro ine ndanyamula mwala? Mwala umenewo ndiye sukulu yanga. Ukauona ndi maso uli gwa, koma m'kati mwake muli timabowo tating'onoting'ono tolumikizana, ndipo madzi amayenda m'menemo pang'onopang'ono. Madzi a m'zitsime amadzera m'timabowo totere. Ndinausema kukhala ngati chitsononkho, ndinamata phula m'mbali mwake kuti madzi asathawiremo, n'kumakankha madzi kumutu kuno kuti atulukire kumutu uko. Zimene ndapeza ndikuziika mu kompyuta, makina owerengera aja, kuti azindiuza mmene madzi amayendera pansi pa nthaka ine osakumba.

Vuto la makinawa ndi limodzi. Za m'kati amawerengera okha, koma za m'mphepete sadziwa. Uyenera kuwauza wekha kuti mbali iyi madzi amalowa, mbali iyo ndi yotseka. Aphunzitsi anga amakalipa tsiku ndi tsiku pa nkhani imeneyi, ati ukalakwitsa m'mphepete ndiye kuti zam'kati zonse zalakwika, ngakhale zioneke zokongola bwanji.

Ndasowa kwathu, Asisi. Ndiuzeni zonse. Mvula yagwa bwanji? Mbuzi yanga yamawanga idakalipo kapena munaidya pa Khisimisi? Dziwe la Kaluwe lidakadzaza chaka chonse monga kale? Nanga Fred woimba ng'oma uja anakwatira? Nthawi zina ndimalota ndikusambira m'dziwe lija.

Ine mlongo wanu,
Wilbroad

*

Chikwa
20 Malichi 1995

Wokondedwa mlongo wanga Wilbroad,

Kalata yako yafika itanyowa mbali imodzi, chifukwa msewu wa ku boma ndi matope okhaokha ndipo wabwera nayo ndi munthu wa njinga. Ndikulemba Amama ali pambali panga pano, ati mzere uliwonse ndiziwawerengera ndisanapite pa wina. Choncho ukaona kalata ili yaulemu usadabwe.

Kuno tonse tili bwino. Amama ali bwino, mwendo suvuta. Mbuzi yako ilipo ndipo yabereka. Fred anakwatira koma mkazi anathawa ng'oma. Kaluwe ali bwino monga unamusiya. Amama ati usamalote madzi, uzilota mabuku.

Za mwala wakozo ndaseka mpaka misozi. Zaka zonsezi kuthirira mwala! Ine ndikanathirira mpiru bwenzi tikudya.

Koma manje tamvera nkhani yeniyeni. Kwabwera bungwe lokumba mijigo, ndipo mudzi wathu uli pa mzere. Mjigo umodzi basi. Anena poyera kuti akakumba achoka, sabweranso, chifukwa midzi yodikira ndi yambiri mpaka ku Chifunda. Ine andiika kukhala wapampando wa komiti ya madzi, poti ndine ndimatha kulemba ndiponso pakamwa sindichita manyazi. Munthu wa bungwelo anayenda mudzi wonse ndi mawaya ake, n'kukakhomera chikhomo kudambo, kuseri kwa nyumba ya Ennie. Ukumudziwa Ennie, uja tinkalimbana naye pa kwaya. Chikhomo chokha, koma iye akuyenda kale ngati mjigo anagula ndi iye. Kudamboko ndi kutali kwa ife a mbali ino, makamaka kwa Amama.

Nanga iwe amene waphunzira madzi mpaka ku Holland, sungafunse makina akowo kuti malo abwino ndi pati? Kapena amangodziwa mwala umodzi womwewo?

Asibweni a Jeremiah, mlongo wa Amama, akudandaula kwawo ku boma kuja kuti unawaiwala. Ati magalasi awo anasweka.

Ndine mlongo wako,
Tamala

*

Holland
2 Meyi 1995

Olemekezeka Asibweni a Jeremiah,

Moni wochuluka kwa inu ndi onse a pakhomo panu ku Chama. Magalasi ndawatumiza pamodzi ndi mapepala awa. Ngati akukulirani, mumange kachingwe kumbuyo.

Ndalembera inu chifukwa munagwira umesenjala ku boma zaka zambiri ndipo zitseko za maofesi mumazidziwa. Asisi andiuza za mjigo. Ndasiya ntchito zanga zina, ndaika mudzi wathu wonse mu kompyuta. Mapepala a Chingerezi ndi mapu mukapereke kwa mkulu wa bungwe. Kwa inu ndifotokoze mwachidule.

Pansi pa mudzi wathu pali mwala wamchenga, wofanana ndi umene ndili nawo kuno, ndipo ndadziwa mmene madzi amayendera m'kati mwake. Za m'mphepete makina ndawauza motere. Kum'mawa kuli phiri la mwala wolimba, ndatseka, madzi salowa. Kumpoto ndi kum'mwera ndatsekanso. Kumadzulo ndaika dziwe la Kaluwe, ndipo ndawauza kuti madzi ake amakhala pa msinkhu umodzi chaka chonse, monga Asisi anditsimikizira. Mbali imeneyo ndiyo imwetsa mwala wonse. Mukapopa, dziwe limabwezera. Chifukwa chake malo abwino ndi pafupi ndi dziwe, pa mkuyu wa kuseri kwa khola la Amama. Ndaikapo mtanda wofiira.

Munthu wa bungwe sanalakwe kwenikweni. Kudambo madzi alipo, koma ndi ochepa. Pa mkuyu angamwe midzi iwiri osawatha. Muwauze Asisi alimbe mtima.

Ine mphwanu,
Wilbroad

*

Chikwa
18 Juni 1995

Wilbroad mlongo wanga,

Moni. Tonse tili bwino. Ndifulumire ku nkhani.

Asibweni anafika ndi mapu ako dzulo lija, atavala magalasi ndi jekete dzuwa lili pamutu. Mapepala sanandipatse kuti ndiwerenge, anangondionetsa mtanda wofiira nati, "Mwana wanena apa." Msonkhano unachitikira pasukulu, mudzi wonse unalipo. Nditangotambasula mapu, Ennie anaimirira nati, "Dziko lonseli, mtanda wakagwera kuseri kwa khola la amake? Kani kompyuta nayo ili ndi achibale?" Anthu anaseka. Iwe, magazi anandikwera kumutu! Ndinamuyankha kuti mlongo wanga sanapite ku Holland kukaphunzira kukondera, kukondera tikanamuphunzitsa konkuno kwaulere. Ndinati amene ali ndi mapu ake a mitundu atulutse tione.

Munthu wa bungwe uja sanakondwe. Anati iye mawaya ake amuuza kudambo, ndipo pa mkuyu akukayika. Ndinamufunsa kuti iyeyo anaphunzira kuti. Pomaliza anati, "Chabwino amayi, mjigo ndi wanu. Koma mumve nonse. Malo akasankha mudzi, madzi akavuta, ife tilibe mlandu ndipo sitikumba wina." Ndinati tamva. Anthu anakweza manja, ambiri ku mkuyu, ngakhale ena anakweza akuyang'ana pansi.

Chikhomo ndinakachizula ndekha kudambo, Ennie akuonerera pakhonde pake, n'kukachikhomera pa mkuyu. Amama anavina ndi mwendo womwewo.

Manje dziwa kuti dzina langa ndalipachika pa mtanda wakowo. Kutchalitchi mbali ya kudambo sandipatsa moni. Zilibe kanthu, adzandipatsa akamadzamwa.

Tamala

*

Chama Boma
9 Julaye 1995

Mphwanga Wilbroad,

Ine asibweni ako ndili bwino kwambiri, ndipo manje ndikuona ngakhale nyerere ili tsidya lina la msewu. Magalasi a ku Holland andibwezera ulemu. Kutchalitchi andipatsanso udindo wowerenga zolengeza, umene anandilanda mwanjiru.

Mapepala ako ndinawanyamula ndekha mpaka pa tebulo la mkulu wa bungwe. Kalaliki wina anafuna kundiimitsa pakhomo, ndinamuuza kuti pamene ine ndinkalowa m'maofesi a boma lino iye anali asanamere mano. Mkuluyo anayang'ana mapu ako nthawi yaitali, n'kukanda mutu. Ndinamuuza kuti, "Bwana, musadzivute, ameneyo ndi mwana wa mlongo wanga." Tsopano boma lonse likudziwa. Ngakhale ogulitsa nsomba pamsika akundiitana kuti asibweni a injiniya.

Galimoto yobowola ifika ku Chikwa kumapeto kwa Ogasiti. Dalaivala wake ndinakumana naye. Anali ndi nkhawa ya powolokera mtsinje, poti ndi chigalimoto cholemera. Ndinamuseka. Ndinati mwana iwe, udzangodutsa pakati penipeni pa dziwe la Kaluwe, pamene anyamata amamenyera mpira. Chiumire chake m'chilala cha 1992, ndi mchenga umene madzi osefukira anadzakwirira pamwamba, pamenepo ndi polimba kuposa msewu wa boma. Anandithokoza kwambiri, ati anthu odziwa malo ngati ine akusowa masiku ano.

Ukamabwera usaiwale wailesi ya mabatire, yanga imangolira ngati njuchi.

Asibweni ako,
Jeremiah

*

Holland
3 Ogasiti 1995

Asisi,

Moni ndipereka chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli pa moni.

Dziwe la Kaluwe linauma mu 1992? Anyamata akumenyerapo mpira? Ndipo ine ndikumva zimenezi mwangozi, m'nkhani ya dalaivala? Ndinawerenga mzere umenewo m'kalata ya Asibweni mobwerezabwereza, ndinatulutsa yanu ya mu Malichi n'kuziika pamodzi. "Kaluwe ali bwino monga unamusiya." Dzanja lanu, Asisi! Ndinakufunsani funso lomveka, inu munandinamiza. Chifukwa chiyani? Ndinakulakwirani chiyani?

Mudziwa zimene mwachita? Mtanda wofiira uja waima pa dziwe limenelo. Ndinauza makina kuti kumadzulo kuli madzi osatha, iwo anakhulupirira, chifukwa makina satsutsa. Lero ndatseka mbali imeneyo monga zilili, ndawayendetsanso. Yankho lake ndi ili: pa mkuyu mwala ndi wopyapyala, ndipo popanda dziwe palibe chobwezera. Madzi adzatuluka poyamba, inde, amene anasungika m'timabowo. Akatha amenewo, kwatha. Kudambo mwala ndi wokhuthala, madzi ochepa koma osaleka. Munthu wa mawaya uja ananena zoona, ndipo ine ndamunyozetsa ndi mapu a bodza.

Aphunzitsi anga nditawaonetsa sanakalipe n'komwe. Anangondifunsa kuti msinkhu wa dziwe ndinaupima liti. Ndinavomera kuti sindinaupimepo.

Ndatumiza telegalamu kwa Asibweni kuti aimitse zonse. Kalata ino ikangofika, kazuleni chikhomo mukachibwezere kudambo. Ngati n'kugwada pamaso pa Ennie, gwadani. Manyazi a tsiku limodzi sangafanane ndi mudzi wopanda madzi.

Nanga manje mukutunga kuti? Amama akutunga kuti? Ndiuzeni zoona kamodzi kokha.

Wilbroad

*

Chama Boma
22 Ogasiti 1995

Wilbroad,

Telegalamu yako ndalandira. "IMITSANI MJIGO KALATA IKUBWERA." Basi. Popanda moni, popanda "Asibweni". Mwana wa mlongo wanga, amene ndinamunyamula pa njinga kupita naye kukalembetsa sukulu, kundilamula pa waya ngati ndine wantchito wake! Wa ku positi anawerenga, ndipo pofika madzulo msika wonse unali utamva. Kodi ku Holland akuphunzitsani zimenezi?

Sindinaimitse kanthu, ndipo sindiimitsa. Iwe uli kutali, sudziwa mmene zinthu ziyendera kuno. Galimoto imeneyi ukaiuza kuti dikira, imakhota n'kupita ku Chifunda, mvula n'kugwa, msewu n'kutsekeka, mjigo n'kupita. Ndiponso ine ndikalowe bwanji mu ofesi ija kukanena kuti injiniya wasintha maganizo? Ndi nkhope iti?

Ngati nkhani ndi ya dziwe, inde, ndinawerenga m'kalata yako kuti waliika m'makina. Ndinadziwa kuti linauma. Koma amako anatiletsa tonse kukuuza zovuta za kumudzi, ndipo ine ndinaiwala lamulo lawo kamodzi kokha chifukwa cha dalaivala uja. Ndiponso ndinaganiza kuti makina odula chotero amaona okha pansi pa nthaka. Angadikire mawu a Tamala? Ngati amadikira mawu a Tamala, ndiye unapitiranji ku Holland?

Tamala sindinamuuze za telegalamu, ali ndi zambiri kale m'mutu. Za wailesi usaiwale.

Jeremiah

*

Chikwa
10 Seputembala 1995

Wilbroad,

Lero Amama ndawatuma kwa Fred kukabwereka sefa imene sindikuifuna, kuti ndilembe ndekha.

Ine wabodza? Iwe Wilbroad, amene ndinakubereka kumsana mpaka msana kupindika, ukunditcha wabodza? Tatenga kalata yako ya mu Febuluwale uione bwino. Funso lako la dziwe unaliika pati? Pakati pa mbuzi ndi ukwati wa Fred! Ndani akanadziwa kuti yankho lake ukaliika m'makina n'kukumbira mudzi mjigo? Ndi liti munthu wa kwathu anayankha mafunso a moni ngati ali m'khoti? Iwe wemwe umalemba kuti uli bwino, pamene pa chithunzi chija waonda ngati bango. Kufotokoza kwenikweni unalembera Asibweni, poti ndi amuna ovala jekete. Ine wapampando wa komiti unangonditumizira mawu akuti ndilimbe mtima. Ndinalimba. Manje ukuti ndikagwade?

Ukufuna kudziwa chifukwa chake? Waiwala za akulu athu a Robson? Anali anzeru kuposa iwe. Ali ku sekondale wina anawalembera kuti Adada adwala ndipo nkhokwe zapsa. Anasiya mayeso, anabwera wapansi, kusukulu sanabwererenso. Lero akuwedza nsomba ku Luangwa. Tsiku limene iwe unakwera basi, Amama anatisonkhanitsa nati, "Uyu asamve choipa chilichonse mpaka atamaliza. Amene adzamulembere zoipa si mwana wanga." Ndiye ine ndikanatani, iwo ali pambali panga kumvetsera mzere uliwonse?

Poti wafuna zoona, nazi. Dziwe linauma. Timafukula mumchenga kumunsi kwa mtsinje, ndipo kukatentha timapita ku Luangwa, kumene timayamba taona ngati njovu zachoka. Mwendo wa Amama unatupa chaka chatha ndipo sunaphwe. Mbuzi yako inadyedwa ndi fisi kalekale. Wakondwa?

Kalata yako yachipongwe inafika galimoto itachoka kale. Ndipo tamvera bwino, injiniya. Madzi anatuluka! Anathovoka mpaka kunyowetsa nthambi za mkuyu, ana kusamba matope, azimayi nthungululu. Oyera, ozizira, okoma. Mjigo ukupopa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, anthu akuchapa, ena ayamba kuumba njerwa. Ennie amabwera ndi chidebe chake nkhope ili kumbali. Anthu autcha mjigo wa Wilbroad, ndipo Amama akamva dzinalo amachita kukula.

Ndiye makina akowo alakwa ulendo uno, uwauze. Ndipo undipepese.

Tamala

*

Holland
1 Okutobala 1995

Asisi a Tamala,

Moni. Za mwendo wa Amama zandipweteka kuposa zonse. Pitani nawo kuchipatala ku boma, chonde.

Funso ndinaliika pamalo olakwika, ndavomera, ndipo pa mawu akuti bodza pepani. Koma mtima wanga sunatsike. Ine sindine a Robson, ndiponso sindine mwana. Zaka zonsezi mwandisunga m'mudzi umene kulibe, wa dziwe lodzaza ndi mbuzi yobereka, ine n'kumanyadira kwa anzanga kuno. Mwanditeteza mpaka ndavulaza anthu anga ndi dzanja langa.

Za madzi kuthovoka sindikudabwa, ndinanena kale kuti poyamba adzatuluka. Asisi, ndikupemphani, musakondwe. Mwala umenewo manje uli ngati mtsuko, wotseka mbali zonse. Mukutunga za m'kati, palibe akuthiramo. Letsani njerwa lero lomwe. Letsani kuchapa. Madzi akhale akumwa ndi ophikira chabe, mwina angafike ku mvula. Ndalembera mkulu wa bungwe kuti cholakwa ndi changa, osati cha mudzi, ndipo ndapempha kuti akumbenso kudambo. Sindidziwa ngati adzamva.

Ndikanakonda makina akanalakwa. Ndawayendetsa kambirimbiri kufuna kuti alakwe.

Wilbroad

*

Chikwa
19 Novembala 1995

Wilbroad,

Ndinachita zimene unanena. Ndinagula loko, ndinamanga mjigo ndi unyolo, ndinalengeza kuti kutunga ndi m'mawa ndi madzulo, njerwa ayi, kuchapa ayi. Ukudziwa zimene anthu ananena? Ati taonani, anaukokera kuseri kwa khola la amake, manje waukiya kuti azimwa okha. Ndikanawauza chiyani? Kuti injiniya walemba kuti mjigo wake uuma? Ndinayesa kuuza a komiti okha, pofika madzulo mudzi wonse unali pakhomo panga. Loko anaphwanya ndi nkhwangwa. Aliyense anathamangira kudzaza migolo ndi miphika madzi asanathe, ndipo anapopa koposa kale.

Mjigo unayamba kutulutsa madzi ofiira. Kenaka theka la chidebe, udikire, theka lina. Sabata yatha unaleka. Ukapopa umangolira kwii, kwii, ndi mpweya wotentha. Dzuwa ngati la chaka chino iwe sunalionepo, ngakhale mumchenga mofukula muja mwauma.

Ndinapita ku boma wapansi mpaka pamene ndinapeza thirakitala. Mkulu wa bungwe kalata yako anailandira, anandionetsa. Anati ndi kalata yaulemu kwambiri. Kenaka anati mudzi wathu unalandira kale mjigo wake, malo tinasankha tokha pamaso pa mboni, ndipo galimoto ili ku Chifunda kumene anthu sanalandirepo n'kamodzi komwe. Ndinalira mu ofesi ya munthu, ine Tamala. Munthu wa mawaya uja anali pomwepo, anangondipatsa madzi akumwa. Bola akanandinyoza. Asibweni sanandiperekeze, ati akudwala mutu. Koma magalasi ako aja avala.

Manje imva za Ennie. Sanatukwane, sanaitane msonkhano. M'mawa wina ndikutsegula chitseko ndinapeza chidebe chake chili pakhomo pathu, chopanda kanthu, mwini wake atapita. Mawa lake zinali zidebe za mbali yonse ya kudambo, zitandandalikidwa bwinobwino mpaka pa khola. Ine ndinakwiya, ndinatenga choyamba kuti ndichiponye kutchire. Amama anandigwira dzanja. Anati, "Mwana wanga analonjeza anthu awa madzi. Zidebe izi zibwerera zodzaza."

Ndinakuwa, Wilbroad. Ndinati Amama, ku Luangwa ndi mwendo umenewo? Ndinati analonjeza ndi makina, akatunge makinawo! Ananyamula chidebe cha Ennie n'kuyamba ulendo. Ndikanatani? Ndinanyamula ziwiri n'kuwatsata. Kuyambira tsiku limenelo ndiyo ntchito yathu, ine ndi Amama ndi ana anga, kupita ndi kubwera mpaka dzuwa kupendeka. Ena achita manyazi, aleka kubweretsa. Ena sanaleke. Ennie amalandira chidebe chake m'manja mwa nkhalamba yotsimphina, n'kunena zikomo.

Zopita kuchipatala Amama akana. Ati akapita, zidebe atunga ndani.

Mvula ikagwa tipumako, koma chilimwe chidzabweranso, ndipo mjigo wina kulibe. Usanditumizire mapu ena. Usanditumizirenso malangizo. Amama sadziwa kuti ndakulembera izi, ndipo akadzadziwa ndiye kuti ine si mwana wawo. Maliza sukulu yakoyo, poti tonse tailipira, ubwere udzaone wekha ndi maso.

Ndalekezera pano. Zidebe za lero zafika kale pakhomo, ndipo Amama akufunafuna nkhata yawo.

Tamala